Ngakhale dzala likufuna lendi

Uthengawu sudziwa nthawi. Umatha kukupeza uli pa ukwati, pelekanipelekani wafika pampondachimera, iwe wakweza foni m'mwamba kuti ujambule azakhali akuvina ndi lichero la ndalama. Umathanso kukupeza m'bandakucha, ukusuzumira ngati mabwana aja unawatumizira kalata yofunsira ntchito ayankha. Pamwamba pa foni pamangotulukira kamzere kofiira, kolembedwa m'Chingerezi chaulemu kwambiri, kukudziwitsa kuti malo ako osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza. Enafe kamzere kameneka takhala nako chaka chathunthu. Tinakazolowera ngati denga lodontha: tinangosuntha mphasa, n'kutchera beseni, n'kumagona.

Amati zinthu zathu zili mu mtambo. Amene anapeka dzina limeneli ndi wochenjera, chifukwa ndani anaonapo mtambo utadzaza mpaka kukana madzi? Kwathu kuno mtambo ukada timathamangira kukanula ufa ndi zovala, ndipo ukalemedwa umadzikhuthula wokha osayamba watitumizira uthenga. Wa m'foniwu ndi wamtundu wina. Ndi zinyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, zokhala ndi mipanda, alonda ndi bilu ya magetsi. Chimodzi mwa zinyumba za Google chili ku Hamina m'dziko la Finland. Kale chinali fakitale yopanga mapepala, lero makompyuta ake amawaziziritsa ndi madzi a m'nyanja. Ndiye tikamadzitama kuti satifiketi ya MSCE tinaisunga kumwamba, kwenikweni ili m'nyumba ya eni, kutsidya kwa nyanja kwinakwake, ndipo eni nyumbawo ali ndi kope lolembamo aliyense amene wadzaza chipinda chake.

Poyamba zinali zokoma, tisanamizane. Gmail itabwera mu 2004 inkapatsa munthu 1 GB, malo amene nthawi imeneyo ankaoneka ngati dambo lonse, ndipo mfundo yake inali yoti anthu asamavutikenso n'kufufuta makalata. Mu 2013 anaphatikiza makalata, mafayilo ndi zithunzi pamodzi n'kukhala 15 GB. Mu 2015 kunabwera Google Photos, n'kuti ponyani zithunzi zanu muno, malire palibe. Ife ana a anthu osauka, tikamva kuti chaulere timafunsanso kawiri? Tinaponya. Tinajambula nsima, tinajambula mbuzi, tinajambula mwana akugona, akudzuka, akuyasamula. Pa 1 June 2021 chipata cha ulere chinatsekedwa, chithunzi chilichonse chatsopano n'kuyamba kudya nawo pa 15 GB ija. Kumapeto kwa 2023 kulowa mu 2024, katundu wa WhatsApp amene mafoni a Android amakasungitsa kumtamboko usiku nayenso anayamba kuwerengedwa pomwepo. Nkhokwe ndi yomwe ija ya 2013, koma tsopano mukulowa chimanga, mtedza, nandolo, ndi njinga yomwe. Inu a ma iPhone musatiseke. Munapatsidwa 5 GB mu 2011 ndipo mpaka lero ndi yomweyo, kankhokwe ka mpunga wa pa Khirisimasi.

Kuchenjeza anatichenjeza, makalata ankabwera miyezi ingapo zisanachitike. Koma makalata amenewo amawerenga ndani? Paja walira mvula walira matope.

Ndiye limafika tsiku loti tisese. Kawirikawiri limakhala Lamlungu masana, tadya, magetsi alipo, foni ili pa tchaja. Timakhala pakhonde n'kuyamba kufukula, ndipo zimene timapezamo n'zochititsa manyazi. Maluwa a moni wa m'mawa ochokera kwa alamu athu, tsiku lililonse duwa lake, zaka zitatu osadumphitsa. Ulaliki wa mphindi 40 umene tinalonjeza kuti tidzamvera tikadzapeza mpata. Vidiyo ya njoka imene akuti inapezeka m'minibasi, yomwe inatifika kudzera m'gulu la mpingo, la banja, la amene tinaphunzira nawo limodzi, ndi la banki nkhonde. Zithunzi za manambala a magetsi amene tinalowetsa kalekale, magetsi ake tinaphikira n'kuiwala. Umboni wa ndalama imene tinatumizira munthu mu 2022, woti tidzamuonetse akadzakana. Zithunzi 17 za m'kati mwa thumba la buluku. Timadina, kufufuta, kudina, kufufuta, mpaka chala chachikulu kuchita dzanzi. Dzuwa likamalowa timakhala tachotsa zinthu mazanamazana, mtima uli myaa ngati munthu amene wamaliza ngongole ya katapila. Kenako timabwerera kukaona kamzere kaja.

Kali pompaja, kofiira ngati poyamba.

Aphunzitsi ena opuma ntchito a kufupi ndi kwathu anachita zimenezi masabata atatu otsatizana asanagonje n'kuitana mdzukulu wawo wa Fomu 2.

"Iwe, tabwera kuno. Foniyi yalodzedwa kapena? Ndafufuta mpaka za msonkhano wa chaka chatha, koma ikuti ndi yodzazabe."

Mtsikanayo anangoyang'ana kamodzi. "Agogo, mwasesa koma simunawole. Zonse zili m'bini umu."

"Bini yake iti?"

"Iyi. Mukafufuta zimayamba zabwera muno. Zimakhala masiku 30."

"Zikudikira ndani?"

Funso la agogowa ndi lathu tonse. Fayilo imene wataya mu Google Drive imapita mu Trash, n'kukhala mmenemo masiku 30, ndipo masiku onsewo imawerengedwabe pa malo ako. Makalata a Gmail nawonso chimodzimodzi. Komatu izi n'zabwinoko, chifukwa October wa 2020 asanafike dzala la Drive silinkadzikhuthula n'komwe. Chimene unataya zaka zisanu zapitazo chinkangokhala chili phee, chikudya malo, mpaka iwe mwini utapita kukachichotsa. Kwathu kuno dzala limakhala kuseri kwa nyumba, ndipo palibe landilodi, ngakhale wouma mtima chotani, amene anayezapo dzala n'kuliika pa lendi. Kumtambo dzala analikumba pabalaza.

Palinso lachiwiri lotchedwa Spam, ndipo ili ndilo limawawa. Mmenemo mumagwera makalata amene sitinapemphe. Wina akuti tapata mphoto pa mpikisano umene sitinalowe, wina akuti ndi mkazi wamasiye wa nduna ya dziko lakutali ndipo mwa anthu onse a pansi pano wasankha ife kuti timusungire chuma. Zinyalala za eni, zoponyedwa usiku kudzera pamwamba pa mpanda, koma malo amene zikudya ndi athu.

Tisakhale anthu osayamika. Dzala lochedwa kukhuthukali linatipulumutsapo. Ndani mwa ife sanapatsepo mwana foni kuti atonthole, n'kuilandira itapepuka modabwitsa? Ndani sanafufutepo chikalata cha malo ali m'tulo? Pamenepo masiku 30 aja amasanduka chisomo, ndipo ku Google Photos amafika 60 pa zithunzi zimene zinakwera kale. Amene anakonza zimenezi ankadziwa kuti zala zathu zimathamanga kuposa mitu. Nthawi zina amalembanso ndithu kuti chinthucho chikupita ku bini, kungoti ndi timalemba ting'onoting'ono timene timazimiririka munthu asanavale magalasi. Ndipo munthu wamba akamva kuti bini, amadziwa kuti nkhani yatha. Angaganize bwanji kuti palinso kutaya kwachiwiri?

Misampha ina ilipo, ndipo tonse takodwamo. Munthu woganiza bwino amayamba kutaya zakale kwambiri, monga timachitira ndi zovala. Ndiye timapita ku zithunzi za 2017 ndi 2018 n'kuzisesa mtima ukuwawa, osadziwa kuti zambiri mwa zimene zinakwera nthawi ya ulere ija, June wa 2021 asanafike, siziwerengedwa n'komwe. Chithunzi cha ubatizo wa mwana chapita, malo obwerako palibe ngakhale pogona nsabwe. Ena timalowa mu Drive n'kuchotsa mafayilo onse amene anzathu a kuntchito anatigawira, chonsecho amenewo amawerengedwa kwa mwini wake amene anawakweza. Kusesa pabwalo la aneba, pako pali mbwee.

Ndiye pali batani lina mu Google Photos limene limalonjeza kumasula malo. Timalidina mosangalala, ndipo limachitadi zimene lanena: limachotsa zithunzi za m'foni n'kusiya za kumtambo, kumene kuli mlandu wathu. Tsopano kuti uone bwino nkhope ya mwana wako yemwe, pakufunika bandulo. Ukati uchenjere, n'kufufuta chithunzi mmenemo poganiza kuti chinzake chitsala m'foni, umapeza zapita zonse ziwiri, chifukwa nkhokwe ziwirizi zinapangana kuti zizichitira limodzi. Musaiwalenso kuti kutaya konseku kumafuna intaneti. Tinagula bandulo pokweza zinyalalazo, tikugulanso bandulo pokazitaya. Kodi kunja kuno kuli dzala lina limene munthu amalipira popita ndi pobwera?

Bwenzi tikungokaleka kamzereko, kafiire mpaka katope, zikanakhala kuti mlandu wake ukuthera pa zithunzi. Koma nkhokwe ikadzaza, makomo onse amatsekeka. Makalata a Gmail amasiya kutuluka, amasiyanso kulowa, amabwerera kwa amene watumiza. Taganizirani mnyamata amene anamaliza sukulu zaka zitatu zapitazo, wayenda ndi envulopu ya khaki mpaka nsapato kutha mbali imodzi. Tsiku limene amuitana ku intavyu, kalata ikubwerera pakhomo chifukwa malo ake anadyedwa ndi vidiyo ya njoka. Iye ali kunyumba dzanja lili patsaya, akuti m'dziko muno ntchito n'za odziwana okhaokha. Ndipo malamulo ake amati ukakhala wodzaza mopitirira muyezo kwa zaka ziwiri, eni nkhokwe atha kuyamba kukutayira okha.

Njira yachidule amatilozera nthawi zonse, pafupi penipeni ndi kamzere kofiira kaja: gulani malo ena. Ku America 100 GB ya Google One ndi madola awiri osakwana pa mwezi, ndalama yoti kumeneko munthu sangaiwerenge n'komwe. Kuno dola ndi nyama ina. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo patangopita milungu yochepa nkhani ya WhatsApp ija n'kuyamba, mikwingwirima iwiri pa msana umodzi. Ngakhale ndalamayo ikhalepo, pamafunika khadi yolipirira kunja, pomwe ambirife chuma chathu chimakhala m'foni momwemo kapena pa mfundo ya chitenje. Komanso lendi ndi lendi, ukayamba susiya. Mwezi umene walephera umabwerera pa 15 GB uli ndi katundu wa 60, ngati munthu wosamuka m'nyumba ya zipinda zinayi kukalowa m'chipinda chimodzi, mipando ili panja mvula ikubwera. Pamwamba pa lendi ya nyumba, madzi, magetsi, fizi, chopereka ndi chipepeso cha maliro, tiwonjezerenso lendi ya maluwa a alamu?

Ndiye timachita zimene amphawi akhala akuchita kuyambira kale, kuchenjera. Nzeru yoyamba ndi kutsegula akaunti ina. Alipo anthu amene ali ndi ma Gmail asanu: ya dzina lawo, ya dzina lawo ndi chaka chobadwa, ya mwana woyamba, ya dzina la mudzi, ndi ya mwana amene adakali kumsana. Khanda silinamere mano koma lili kale ndi 15 GB yodzaza mavidiyo a kwaya. Mapasiwedi timalemba kumbuyo kwa kalendala, kalendalayo n'kuyatsira mbaula mu January. Chaka chikatha timadziwa kuti zithunzi za chinkhoswe zilipo ndithu, zosungika bwino kwambiri moti ngakhale eni akefe sitingazifikire. Akauntiyo ikakhala zaka ziwiri osalowamo, nayonso atha kuichotsa, chinkhoswe chonse n'kupita nayo.

Bambo wina anapanga gulu la WhatsApp, n'kuikamo akazi ake, n'kuwachotsanso nthawi yomweyo kuti atsalemo yekha. Gulu la munthu mmodzi, iye wapampando, iye mlembi, iye msungichuma, ndipo mmenemo ndimo amaponya zonse zofunika. Anatha sabata akufotokoza kunyumba chifukwa chimene anawachotsera mayi, ndipo mpaka lero sadziwa kuti usiku gulu lakelo limakwera kumtambo komwe akuthawako. Ena amaponya zonse pa Facebook n'kutseka kuti aziona okha. Ena timakhulupirira memori khadi ya pamsika, yolembedwa 64 GB pa mtengo wa kabichi awiri, imene imalandira chilichonse mwaulemu n'kudzakubwezera zithunzi zotuwa theka. Ena amasunga fulashi m'Baibulo, pa Masalimo, poti m'menemo mbava sizifikamo. Ndipo alipo amene amanyamula foni kupita nayo kwa anyamata okonza mafoni m'tauni. Mnyamata amaitembenuza uku ndi uku, kupukusa mutu ngati dokotala, n'kuti, "Bwana, apa pavuta ndithu, mubwere 2 koloko." Ukangokhota pakona amadina batani limodzi lija la mdzukulu wa aphunzitsi, n'kukulipiritsa ya ndiwo. Sitimuda, nayenso ali ndi lendi yake.

Chonsecho mankhwala enieni ndi ochepa, kungoti amabisala. Kukhuthula Trash ya Drive, kenako Trash ndi Spam ya Gmail. Kulemba larger:10M pofufuzira makalata, onenepa onse n'kufola okha pamzere. Kuuza WhatsApp kuti pokasungitsa katundu usiku isamanyamule mavidiyo, komanso isamangotsitsa chilichonse chimene chagwa m'gulu. Vidiyo imodzi ya mphindi zisanu imalemera kuposa makalata wamba mazanamazana, koma ife timathera Lamlungu lonse tikuingitsa anapiye pomwe ng'ombe ili m'munda.

Koma tinene zoona, chimene chimatigwira dzanja si umbuli wokha. Ukafika pa dzala paja n'kudina kuti likhuthulidwe, foni imakufunsa ngati watsimikiza, ndipo imanena mosabisa kuti zimenezi zipita mpaka kalekale. Mawu amenewo timawamva kutchalitchi ndi kumanda basi. Chala chimaima m'malere. Nanga bwanji ngati pa mazana aja panalowa china mwangozi? Timayamba kupalasa dzala lathu lomwe ngati nkhuku, ndipo timapezadi. Pakati pa maluwa ndi manambala a magetsi pali chithunzi chosaoneka bwino, chojambulidwa mothamanga, mutu wa wina utadulidwa, koma pakona pake pali mayi athu atakhala pa mkeka akutong'ola chimanga, chaka chimene anali asanayambe kudwala. Palibenso china chimene anatuluka ali chomwecho, osakonzeka, osavala za kutchalitchi, akuseka ndi munthu amene sakuoneka. Timachibweza. Timabwezanso choyandikana nacho, mwina nachonso chili ndi kanthu. Pofika usiku theka la dzala labwerera m'nyumba.

Zina sitiyerekeza n'komwe kuzikhudza. Uthenga wa mawu wa achimwene a ku Joni, mphindi imodzi ndi theka, akungofunsa ngati katundu anafika ndi kudandaula za kuzizira. Chiwaikire m'manda sitinaumverenso, koma auchotse ndani? Makolo athu anali ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu moyo wawo wonse, za ku situdiyo, ataima chilili pafupi ndi duwa la pulasitiki, ndipo zinkakhala m'sutikesi pansi pa bedi popanda wozilipiritsa. Mdani anali chiswe chokha. Ife tili nazo zikwizikwi, ndipo chimodzi chofunikacho chimakapezeka kudzala.

Aphunzitsi aja pomaliza anadina, atayamba apalasa maola awiri n'kubweza zimene anabweza. Kamzere sikanasinthe nthawi yomweyo, chifukwa kope la kumtambo limatha kutenga masiku awiri kapena atatu lisanavomereze kuti munthu wasesadi, ndipo masiku amenewo mdzukulu uja sankayankhidwa moni bwinobwino pakhomopo. Lachitatu m'mawa kufiira kunachoka. Anavala jekete, kuyenda ndi foniyo mpaka pa golosale, n'kumaonetsa aliyense malo amene atsala ngati munthu amene wagula munda. Tili mkati mowayamikira, foni inalira. Linali gulu la aphunzitsi opuma: ukwati wa mwana wa mnzawo ku Mzuzu, mavidiyo 9, kuyambira kutchalitchi mpaka kudula keke, ndi mawu pansi pake oti amene sanathe kubwera aonere. Anayang'ana foni, anatiyang'ana ife, kenako anapisa m'thumba la jekete.

"Achimwene," anatero kwa wa golosale, "tandipatseni mayunitsi, ndigule bandulo."